Mwezi Umene a Fulu Adalandira Gologolo

Padangokhala, tcherani khutu inu a kumbuyoko, boma la nyama. Lidali boma lenileni, la nduna zake, alembi, alonda ndi akapitawo, ndipo mwezi ukaoneka aliyense wa pa ntchito ankalandira malipiro a mtedza wosasenda: miyezo isanu, wamng'ono ya nsengwa, wamkulu ya dengu. Inayi ankapita nayo kwawo. Wachisanu sunkafika pakhomo. Ankakwera nawo makwerero a nkhokwe yaikulu ya pabwalo n'kukhuthulira pa chibowo cha padenga. Kuseri kwa nkhokweyo, pansi, kudali kakhomo, ndipo pamenepo pankandanda onse amene ukalamba udawatsitsa pa ntchito, madengu ali m'manja. Imeneyo ndiyo idali penshoni ya masiku amenewo. Boma linkati zimene wathira lero zagona m'katimo, zikudikira tsiku lako.

Malamulo a nkhokweyo adali awiri basi. Chotuluka pa kakhomo sichibwerera. Wosuzumira m'kati, kapena wonena za m'kati, amudule mchira.

Pothira pankakhala nyimbo. Wotsogolera ankatchula dzina la amene ali pamwamba pa makwerero, khamu lonse n'kuvomera pomuuza kuti athire osaopa, poti nkhokwe siiwala dzanja. Idali nyimbo yokoma zedi, ya m'manja mofulumira, moti ena ankathira atatsinzina.

Tsono padali Gologolo, mlonda wa moto. Ntchito yake idali kukwera mlombwa wautali m'mawa uliwonse n'kumayang'ana utsi. Adaigwira mvula makumi awiri ndi mphambu zinayi, ndipo idamutsalira mvula imodzi yokha kuti naye akakhale pa kakhomo. Mawondo adali atayamba kulira ngati chitseko chakale. Munda adalibe, ana adalibe, chiyembekezo chake chonse chidali m'nkhokwe muja. Vuto la munthuyu lidali limodzi, ndipo adabadwa nalo: sankatha kuona chinthu chotseka osafuna kudziwa za m'kati mwake.

Tsiku lina adapeza a Njiri, Nduna ya Nkhokwe, atagwada, akumata khoma la nkhokweyo ndi dothi losakaniza ndi ndowe.

"A Nduna, mwaswera bwanji? Kodi khoma limeneli simudalimate mwezi watha?"

"Ndidalimata."

"Nanga mwezi winawo?"

"Ndidalimatanso. Anankafumbwe sagona, bambo Gologolo."

"Ndifunseko china. Bwanji kakhomo kamatseguka tsiku lothira lokha? Okalamba samva njala masiku ena?"

"Ndi mwambo."

"Nanga mtedza wanga wa mvula makumi awiri, uli chakumtunda kapena chakumunsi?"

A Njiri adamuyang'ana ndi timaso tawo tating'ono tija. "Mchira wanuwo ndi wokongola. Muziusamala."

Wina aliyense akadapita kwawo. Gologolo adadikira Nduna ipite kukasamba m'manja, natola mwala, nagogoda khoma. Lidalira phi, phi, ngati nkhokwe yodzaza. Adagogoda chapamwamba, phi. Adagogoda chapansi, phi. Adabwerera kwawo mtima uli m'malo, koma asadafike pa mtengo wake adaima. Khoma lomatidwa mwezi ndi mwezi kwa zaka zonsezo, ngakhale m'kati mukadakhala mphepo yokha, likadalira bwanji kupatula phi?

Mwezi utaoneka, adakhala pansi ndi nsengwa yake yachisanu. Adali ndi dzino lobenthuka kutsogolo, ndipo adaluma khoko la mtedza uliwonse, umodziumodzi, mpaka onse adali ndi chipsera cha dzinolo. Adakwera makwerero, nyimbo idatchula dzina lake, khamu lidamuuza kuti nkhokwe siiwala dzanja, iye adathira. Adatsika, nazungulira kuseri ngati wongopita kukapereka moni.

Woyamba pamzere adali a Fulu. A Fulu amenewa adali mesenjala wa boma kalekale, nthawi imene kalata yoitanira ku ukwati inkafika mwana atayamba kukwawa. Adapuma pa ntchito agogo ake a Gologolo asadabadwe, ndipo chiyambire sadaphonyepo mwezi.

"Mwadzuka bwanji, achikulire? Ndikunyamulireni denguli?"

"Nyamula, mwanawe, koma ndawerenga."

Gologolo adasuzumira m'dengumo. Pamwamba penipeni padali mtedza usanu wa chipsera cha dzino lake, malovu asadaume n'komwe. Komabe adadziuza kuti mwina mtedza watsopano umagubuduzika m'mbali mwa mulu n'kufika pansi msanga. Kandimverere adakanena za m'maluwa, iye adati, ndipita ndekha.

Mwezi wachitatu adalawirira. Njati, kapitawo wa zonyamula, ankathira dengu lalikulu, ndipo adali mmodzi wa oimba atatsinzina aja. Gologolo adalowa m'dengu la Njati, nadzikwirira mu mtedza mpaka nsonga ya mchira. Adamva akunyamulidwa, adamva makwerero akulira, adamva khamu likuuza Njati kuti asaope, kenako dziko lidatembenuka.

Adayembekeza kugwera pa mulu pafupi ndi denga. Adagwa, nagwabe, napitiriza kugwa. Kuwala kwa pa chibowo kudamuonetsa zonse: maukonde a akangaude kuchokera khoma ili mpaka lija, ndi khungwa lalitali lopendekeka, loterera chifukwa cha zaka. Adagwera pa khungwalo pamodzi ndi mtedza wa Njati, onse see, mpaka pa kamulu kakang'ono kuseri kwa kakhomo. Asadapume n'komwe kakhomo kadatseguka, ndipo adapezeka ali chagada m'dengu la a Fulu.

A Fulu adasuzumiramo.

"Mwezi uno boma latikumbukira," adatero, navundikira dengulo ndi dzanja.

"Achikulire, ndine Gologolo!"

"Ndaona. Chotuluka pa kakhomo sichibwerera. Udziwa kutunga madzi?"

Phokoso lidakula, nyimbo idaima, ndipo tsiku lomwelo mlandu udafika pamaso pa a Nang'omba, woweruza wamkulu. Nyama zonse zidasonkhana, za pa makwerero ndi za pa kakhomo.

"Mlanduwu uli ndi njira ziwiri," adatero a Nang'omba. "Ngati uyu ndi Gologolo, ndiye kuti wasuzumira, mchira upite. Koma bwalo lino silidula mchira lisadamve zimene maso adaona, ndipo adzazinena pano, onse akumva. Ngati ndi mtedza, ndi wa a Fulu, nkhani yatha. A Nduna, zotuluka pa kakhomo mumazidziwa ndinu. Ichi n'chiyani?"

A Njiri adayang'ana khamu, nayang'ana Gologolo.

"Ndi mtedza, wolemekezeka."

"Wa mchira?"

"Mitundu ya mtedza ndi yambiri. Pali chalimbana, pali kalisere. Uwu ndi mtundu wina."

"Lembani kuti ndi mtedza."

Gologolo adakweza dzanja ali m'dengu momwemo. "Wolemekezeka, kodi lamulo limadula mchira wa mtedza?"

"Silitchula mtedza."

"Ndiye ndifunseko ngati mtedza, poti ndine mlendo pa mtundu umenewu. Ndathiridwa padenga dzuwa lili apo. Ndatuluka pa kakhomo lisadasunthe. Tsono akuluakulu anga, mtedza wothiridwa mwezi watha ndi chaka chatha ndi zaka makumi awiri zapitazo, ndawadutsa bwanji osawapatsa moni? Ine ndidaleredwa bwino. Akadakhalamo ndikadawagwadira."

Woyamba kuimirira adali Msulu, kapitawo wolambula misewu, mayi wa ana anayi amene sankadziwa kunong'ona. Adapita pa nkhokwe, nayamba kukanda khoma ndi zikhadabo. Adakanda dothi la mwezi uno, la chaka chatha, la zaka zimene iye adali asadabadwe, mpaka dzanja lidalowa. Adaika diso pa bowolo, kenako adatembenuka.

"Dulani mchira wangawu ngati mufuna. Muli akangaude."

"Wakuba! Wakuba!" khamu lidakuwa, likuthamangira a Njiri.

"Imani!" adatero a Njiri, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu awo adamveka ngati a munthu wotopa, osati a Nduna. "Sindidadye ngakhale khoko limodzi. Nkhokweyi siidadzazepo chiyambire. Tsiku loyamba kuimanga padali kale okalamba anjala amene sadathirepo kanthu. Adapatsidwa za othira oyamba. Othira oyambawo atakalamba adadya za ana awo. A Fulu akudya zanu. Inu mudzadya za obwera m'mbuyo mwanu. Ine ndidangolandira khungwa ndi ndowe kwa amene adalipo ndisadabwere."

"Nanga obwerawo akadzakana?" adafunsa Msulu.

A Njiri adawerama kutola dothi lokandidwa lija, koma Msulu sadawadikire.

"Ndiye ine ndayamba kukana lero. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ana anga anayi adya nsengwa yachisanuyi."

Mwezi wotsatira makwerero adakhala okhaokha. Wotsogolera nyimbo adayesa kuiyamba, adatchula dzina limodzi, lachiwiri, koma palibe adavomera, ndipo idafera m'kamwa mwake. Okalamba adandanda pa kakhomo monga mwa masiku onse, chifukwa sankadziwa kwina kopita. Kakhomo kadatseguka, padatuluka kangaude mmodzi. A Mvuu, amene adapuma pa ukapitawo wa padoko, adayamba kuoneka nthiti, chinthu chimene palibe adachionapo.

A Fulu okha ndiwo adanenepa, pakuti chigamulo chidali chigamulo. Gologolo ankawatungira madzi, kuwathyolera bowa, kuwasendera mtedza umene adapempha kwa anansi. A Fulu sankadya mofulumira, koma sankasiyanso. Dzuwa likatuluka kamwa ili m'ntchito, likamalowa ikadali m'ntchito.

"Achikulire, musandimve molakwika," adatero Gologolo tsiku lina, msana ukuwawa, "ndikungofuna kudziwa. Kodi a mtundu wanu mumakhala zaka zingati?"

"Ukufunsa kuti ndidzafa liti?"

"Ayi, kungoti..."

"Agogo ako adandifunsanso zomwezo. Adali munthu wabwino. Ndidapita ku maliro ake, ngakhale ndidafika atakumba kale mbatata pa munda wake kawiri. Bweretsa bowa uyo."

Gologolo adamva chisoni, ndipo chidali chisoni chenicheni. Adafuna kudziwa, adadziwa, ndipo kudziwako kudagwetsa nthiti za a Mvuu ndi kutseka kakhomo kamene iye mwini adatsala mvula imodzi kuti akhalepo. Mlandu wonse adauona pa iye yekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adapempha a Fulu tsiku limodzi lopuma, nasenda luzi lalitali, napita nalo pabwalo nthawi imene a pa ntchito amaweruka.

Adakwera padenga la nkhokwe, nayeza chibowo ndi luzi, namanga mfundo. Adatsika, napita kwa Msulu, nayamba kumuyeza m'chiuno.

"Iwe, n'chiyani chimenechi?"

"Musasunthe, mayi. Inu mukwana bwinobwino. Njati ndiye tikulitse chibowo."

"Ndikwana pati?"

"Simudamve chigamulo cha a Nang'omba? Mudalipo. Wa pa ntchito akalowa padenga n'kutuluka pa kakhomo, ndi mtedza, ndipo ndi wa mwini dengu. Lidalembedwa. Tsono okalamba aja aona mmene anenepera a Fulu. Ndamva akunong'onezana kuti ngati mtedza weniweni sukubwera, apempha bwalo kuti lizithira mtundu wina uja."

"Bodza!"

"Mwina ndi bodza. Ine ndikungoyeza kuti tsikulo lisadzatipeze osakonzeka. Ndipo si zoopsa kwenikweni. Ine adandilandira a Fulu, amadya bowa. Zimangotengera mwayi wa munthu, chifukwa m'katimo muli mdima, sudziwa dengu limene latchera. Woyamba pamzere mwezi uno ndi a Mvuu."

Adasiya Msulu ali kukamwa yasa, napita kukayeza Nungu, amene adavuta kuyeza, kenako Gwape, kenako Pusi. Aliyense ankamuuza mwaulemu kuti akwana, n'kumufunsa ngati amadziwa kumweta udzu wokwana mvuu pa tsiku. Dzuwa lisadalowe a pa ntchito onse adali pansi pa mkuyu, akukangana.

"Ine a Mvuu ndekha sindingawathe!"

"Nanga ine ndikagwera a Njovu opuma aja?"

"Ine mayi anga ali pamzere pomwepo. Chiyambire kukana kuthira ndikuwadyetsa ndekha, nsengwa ziwiri pa mwezi. Kale inkapita imodzi."

Msulu adayang'ana Gologolo ndi luzi lake lija.

"Iwe ndiwe wabodza, ndipo ndikudziwa kuti palibe wokalamba wanong'ona kanthu. Koma mvuu ndi mvuu. Aliyense payekha, wina adzagwera wolemera n'kuthyoka msana. Mutu umodzi susenza denga. Itanani a Njiri."

A Njiri adabwera, ndipo Msulu adawauza zofuna za a pa makwerero. Khoma libooledwe zenera lalikulu kuti aliyense aziona za m'kati. Lamulo la mchira lifafanizidwe. Nduna inene poyera ngati nkhokweyo idzafike pa ana awo.

A Njiri adatola timiyala, natiyala pansi. "Nthawi imene a Fulu ankapuma, pa makwerero pankakwera asanu ndi anayi kudyetsa mmodzi wa pa kakhomo. Nthawi ya bambo anga ankakwera asanu. Lero mukukwera atatu. Okalamba sakufa msanga ngati kale, ndipo zimenezo tidazipempha tokha. Achinyamata ambiri awoloka mtsinje kukafuna ntchito kwina, ndipo amathira kumeneko. Zikapitirira chonchi, mmene ana a Msulu azidzakula adzakwera awiri."

"Ndiye titani?" adafunsa Gologolo, amene ngakhale pamenepa sadathe kudziletsa.

"Njira ndi zitatu. Muzithira nsengwa ziwiri."

"Ayi!" adakuwa a pa makwerero.

"Kapena a pa kakhomo azilandira theka."

"Ayi!" adakuwa okalamba, a Mvuu ndi mawu ofooka.

"Kapena aliyense amene akadali pa ntchito awonjezere mvula ziwiri asadatsike."

Achinyamata adayang'anana. Kwa iwo mvula ziwiri za kutsogolo kutali zidali ngati za munthu wina. Okalamba sizinkawakhudza. Manja adakwera m'mwamba ngati mapesi, ndipo a Nang'omba adati lembani.

"Pepani," adatero Gologolo, "amene yamutsalira mvula imodzi bwanji?"

"Zamutsalira zitatu."

"Koma ine si wa pa ntchito. Ine ndine mtedza. Bwalo lidagamula."

Apa a Fulu adatulutsa khosi lonse. Adali atawerenga timiyala tija bwino kuposa onse, ndipo adaona kuti Gologolo wa pa makwerero ndi waphindu kuposa Gologolo wothyola bowa.

"Wolemekezeka, mtedza uja ndidadya. Lembani choncho. Uyu ndi mlonda wa moto, ndipo wajomba miyezi iwiri."

Mwezi utaoneka nyimbo idabwerera, koma mawu ake adasintha. Wotsogolera ankatchula dzina la wothira, kenako la wokalamba amene watchera dengu, ndipo khamu linkavomera pofunsa kuti nanga wothirayu adzamuthirira ndani. Siinkavinika bwino ngati yakale ija, ndipo palibe ankathiranso atatsinzina. Pa zenera aliyense ankaona mtedza wake ukutsetsereka pa khungwa mpaka m'dengu la mnzake.

Mvula idagwa, idakata. M'mawa umene Gologolo akadakhala pa kakhomo ndi dengu latsopano, adali pa tsinde la mlombwa, akuyang'ana kumwamba. Adakwera, mawondo akulira, akupuma pa nthambi iliyonse, akudzitukwana yekha ndi mafunso ake. Atafika pansonga adayang'ana utsi kum'mawa, kumadzulo, sadaone kanthu. Kenako maso adagwera pabwalo pamene ana ankasewera, ndipo adayamba kuwawerenga. A Msulu anayi. A Pusi awiri. Wa Gwape mmodzi. Wa Nungu mmodzi, amene anzake ankasewera naye chapatali. Asanu ndi atatu. Adawerenganso kuti mwina walakwitsa, adapezabe asanu ndi atatu. Mvula zitatu, zisanu, khumi zikubwerazo, chakudya chake chonse chidali pa timiyendo timeneto.

Pamenepo kamwana kamodzi ka Msulu kadaima pakati pa masewera n'kuyamba kutsokomola. Kadatsokomola kawiri, katatu, kadakhala pansi.

Gologolo, amene moyo wake wonse ankathamangitsa ana pansi pa mtengo wake chifukwa cha phokoso, adatsika mlombwa uja mofulumira kuposa mmene adautsikira ali mnyamata. Adathamangira kuthengo, adakumba muzu wa chifuwa, adafika nawo kwa Msulu ali wefuwefu, dothi lili m'kamwa.

"Mayi, mwana uja akutsokomola! Muwiritse uwu, amwe m'mawa ndi madzulo. Ndipo asamasewere pamphepo. Chofunda ali nacho? Nanga enawo adya?"

Msulu adalandira muzuwo, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"A Gologolo, chikondi chimenechi chayamba liti?"

"Ndikungofunsa, mayi. Adya?"

Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Kaya Gologolo adadya nawo ana aja, kaya adawoloka mtsinje asadamuthirire, ine sindidziwa, pakuti ndidachoka iye akadali pakhomo pa Msulu, akuuzira moto kuti muzu uwire msanga. Nthano yanga ndaitula pomwepa, amene ali ndi mbatata pamoto akaphule isadapserere.